Mipando ya majaji idautsa mapiri pachigwa ku America

Nthawi ya kampeni ikakwana m'dziko la America, andale salimbirana mpando wa pulezidenti wokha. Maso awo amakhalanso pa mipando isanu ndi inayi ya majaji a bwalo lalikulu la milandu la Supreme Court, lomwe chigamulo chake sichichitidwa apilo kwina kulikonse.

Chifukwa chake nchakuti pulezidenti amalamula zaka zinayi, akachita mwayi zisanu ndi zitatu, pomwe jaji wa bwaloli alibe zaka zopumira pantchito. Amachoka yekha akafuna, apo ayi imfa ndiyo imamuchotsa. Mwachitsanzo, jaji Clarence Thomas adalowa m'bwaloli mu 1991, ndipo George H. W. Bush yemwe adamusankha adamwalira mu 2018, jajiyo akuweruzabe milandu.

Malamulo a dzikolo amati pulezidenti ndiye asankhe jaji, koma dzinalo livomerezedwe ndi nyumba ya Senate yomwe ili ndi aphungu 100. Apa ndiye pagona nkhani.

Pa 13 February 2016, jaji Antonin Scalia, yemwe a chipani cha Republican ankamukonda kwambiri, adamwalira ali ndi zaka 79. Chisankho chidali chitatsala miyezi pafupifupi isanu ndi inayi. Pa 16 March, pulezidenti wa nthawiyo Barack Obama, wa chipani cha Democratic, adasankha Merrick Garland kuti alowe m'malo mwake.

Koma mtsogoleri wa a Republican mu Senate, Mitch McConnell, adakanitsitsa kwamtuwagalu. Iye adati popeza chidali chaka cha chisankho, anthu ayambe avota kuti pulezidenti watsopano ndiye adzasankhe jaji. Anzake adakumbutsanso kuti mu 1992 Joe Biden, ali phungu wa Democratic, adayankhulapo zofanana ndi zomwezo. A Democratic adati uku nkuba mpando dzuwa likuswa mtengo, chifukwa malamulo sanena kuti mphamvu za pulezidenti zimatha m'chaka chake chomaliza.

A Republican adali ndi aphungu 54, choncho mawu awo ndiwo adapambana. Dzina la Garland lidakhala masiku 293 osakambidwa mpaka lidatha mphamvu.

Mpando wopanda munthuwo udasanduka chida cha kampeni. Mu May 2016, Donald Trump adatulutsa mndandanda wa maina 11 a anthu omwe angadzasankhepo jaji akadzapambana. Izi zidakopa Akhristu ambiri odana ndi kuchotsa mimba, ngakhale ena mwa iwo sankakondwa ndi khalidwe la Trump. Atagonjetsa Hillary Clinton, iye adasankha Neil Gorsuch.

A Democratic adayesa kutsekereza dzinalo pogwiritsa ntchito lamulo la m'nyumbamo lofuna mavoti 60. A Republican adangolichotsa lamulolo, nkunena kuti a Democratic ndiwo adayamba mu 2013 pomwe adalichotsa pa majaji a mabwalo ang'onoang'ono. Gorsuch adadutsa mu April 2017 ndi mavoti 54 kwa 45.

Patatha zaka zinayi chimwalilireni Scalia, zinthu zidatembenuka. Pa 18 September 2020, jaji Ruth Bader Ginsburg, mayi yemwe a Democratic ankamunyadira pomenyera ufulu wa amayi, adamwalira ali ndi zaka 87. Chisankho chidali pa 3 November, ndipo m'madera ena anthu adali atayamba kale kuponya voti.

Ulendo uno McConnell sadanene zodikira anthu. Iye adati zinthu nzosiyana chifukwa mu 2016 pulezidenti ndi Senate adali a zipani zosiyana, pomwe mu 2020 onse adali a chipani chimodzi. Naye phungu Lindsey Graham, yemwe mu 2016 adauza anthu kuti adzamugwire pakamwa akadzasintha maganizo pankhaniyi, ndiye adatsogolera komiti yofunsa mafunso jaji watsopanoyo.

Nawo a Democratic, omwe mu 2016 ankati mpando usakhale wopanda munthu, adayamba kunena kuti anthu ayambe avota. Akuluakulu adati chakomera mbuzi kugunda galu, galu akaluma mbuzi ati wapenga. Mbali iliyonse idatola mfundo yomwe inzake idataya.

Trump adasankha Amy Coney Barrett, wa zaka 48, pa 26 September. Senate idamuvomereza pa 26 October ndi mavoti 52 kwa 48, kutatsala masiku asanu ndi atatu kuti chisankho chichitike. Palibe phungu wa Democratic ngakhale mmodzi yemwe adamuvotera, ndipo Susan Collins ndiye yekha wa Republican adakana.

Trump adagonja kwa Biden pachisankhocho, koma adasiya majaji atatu m'bwalomo, kuphatikizapo Brett Kavanaugh yemwe adalowa mu 2018. Majaji osankhidwa ndi apulezidenti a Republican adakwana asanu ndi mmodzi mwa asanu ndi anayi.

Zotsatira zake zidafika mpaka m'makomo mwa anthu wamba. Pa 24 June 2022, bwaloli lidathetsa chigamulo cha mu 1973 pa mlandu wa Roe v. Wade, chomwe chinkapereka ufulu wochotsa mimba m'dziko lonselo, ndipo lidasiya nkhaniyi m'manja mwa boma la dera lililonse. Ena adathokoza Mulungu, ena adalira m'misewu. Mu July 2024, bwalo lomweli lidagamula kuti yemwe adakhalapo pulezidenti ali ndi chitetezo pa milandu yokhudza zomwe adachita pogwira ntchito za udindo wake. Majaji asanu ndi mmodzi aja adavomereza, atatu adakana.

Garland, yemwe adamanidwa mpando uja, adadzakhala mkulu wa zamalamulo m'boma la Biden kuyambira 2021 mpaka 2025. Pomwe ankachoka paudindowo, Gorsuch, yemwe adatenga mpando wa Scalia, adali ndi zaka 57 zokha.