Mtedza wodziteteza wokha ku chuku: asayansi afika pati?

Mukamathira nsinjiro m'phala la mwana, mumafuna akule ndi thanzi. Koma ngati mtedzawo unachita chuku, mungamudyetse poizoni wosaoneka wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu amachokera ku nkhungu ya Aspergillus flavus yomwe imakhala m'nthaka. Amayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo ofufuza amamuona ngati chimodzi mwa zinthu zopinimbiritsa ana. Kukazinga kapena kuphika sikumuthetsa.

Nanga bwanji mtedzawo utamamenyana nayo wokha nkhunguyo?

Thupi lanu limachita kale zimenezi. Pakhungu ndi m'malovu muli timapuloteni ting'onoting'ono totchedwa ma defensin, tomwe timaboola khungu la tizilombo toyambitsa matenda mpaka kufa. Zomera nazo zili ndi timapuloteni totere, makamaka m'njere, kungoti mphamvu zake zimasiyana.

M'chaka cha 2017, akatswiri a bungwe la ICRISAT ku India, mogwirizana ndi a Donald Danforth Plant Science Center ku St. Louis m'dziko la America, analengeza zotsatira za kafukufuku wawo. Anatenga majini, omwe ndi malangizo achibadwa opangira ma defensin, kuchokera ku alfalfa, chomera cha m'gulu la nyemba chomwe amadyetsa ng'ombe, komanso ku chomera china chachibale chake. Majiniwo anawaika mu mtedza. Atathira nkhungu pa njere za mtedzawo, nkhunguyo inalephera kukula bwino, ndipo poizoni anachepa kwambiri poyerekeza ndi mtedza wamba.

Komabe musathamangire kukaufuna kumsika, chifukwa sunafike kwa alimi. Zomwe zatheka mu labotale ziyenera kuonekanso m'munda, momwe muli chilala ndi chiswe, zinthu zimene zimatsegulira nkhungu njira yolowera m'makoko. Mbewu yotere iyeneranso kupimidwa ngati siingadwalitse oidya. Kuno ku Malawi, lamulo la Biosafety Act la 2002 sililola mbewu yosinthidwa majini kulimidwa popanda chilolezo cha boma.

Pakadali pano, chitetezo cha mwana chili m'manja mwanu. Kumbani mtedza ukangokhwima, ndipo uume bwino musanausunge. Musaunyowetse pofuna kuti usavute kuswa. Sungani matumba pamalo ouma, pamwamba pa mitengo osati pansi. Sankhani ndi kutaya njere zofota, zoboola ndi zosintha mtundu; musazisinje nsinjiro kapena chiponde, ndipo musazipatse ziweto, chifukwa poizoniyu amadutsa mpaka mu mkaka.

Inu odzipereka pa zaumoyo, kambani zimenezi kusikelo ya ana ndi kumikumano ya m'mudzi.