Sola pa msika wa Kasungu: zimene boma lidachita ndi masamu a wamalonda

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, zimadziwika ndi katundu woyalidwa m'makonde mwa mashopu. Pambali pa malata, njinga ndi matilesi, masiku ano pamakhalanso mapanelo a sola, mabatire, mainveta ndi mababu. Kuyambira pa Kasungu boma mpaka ku Santhe, Chamama, Nkhamenya ndi Chatoloma, mlimi amene wangolandira ndalama za mabelo ake salephera kuima n'kufunsa mtengo wa panelo. Wometa, wotchaja mafoni, woonetsa mpira ndi mayi wa mafilizesi nawo amadikira miyezi yomweyi kuti agule zipangizo, poti ndi pamene ndalama zimayenda.

Katunduyu sadangochuluka yekha. Pali ndondomeko zimene boma lidakhazikitsa pofuna kulimbikitsa magetsi osatulutsa utsi, monga a dzuwa, a madzi ndi a mphepo. Ndondomekozi zimalembedwa ku Lilongwe, koma zimathera pa benchi la wamalonda: pa mtengo wa panelo, pa kalipiridwe kake, ndi pa ubwino wa katunduyo. Wozidziwa amagula mwanzeru. Wosazidziwa atha kumwaza mpamba wa chaka chonse pa batire yofa pa miyezi itatu.

Chidachititsa n'chiyani?

Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Magetsi a madzi alibe utsi, koma kudalira mtsinje umodzi kuli ndi zowawa zake. M'zaka za 2016 ndi 2017 madzi adatsika m'nyanja ya Malawi, Shire n'kuchepa mphamvu, magetsi n'kumazima maola ambirimbiri pa tsiku. Mu 2018 dziko lidabwereka majenereta akuluakulu a dizilo, ena mwa iwo n'kuikidwa ku Chinyama, ku Kasungu konkuno. Adathandiza ndithu, koma dizilo amagulidwa kunja ndi madola, ndipo utsi wake ndi womwewo ukusokoneza nyengo. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adawononga Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kukonza kudatenga mpaka 2023.

Pamwamba pa izo, mawaya a ESCOM sadafike kwa anthu ambiri. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndiwo amawunikira ndi magetsi a mawaya, ndipo kumidzi chiwerengerocho chidali chotsika kwambiri. Boma lidaona kuti palokha silingathe. Mu ndondomeko ya za mphamvu ya 2018 lidasankha njira yotsegulira ena mpata: makampani, mabungwe ndi amalonda. Njirayo ili ndi mbali zinayi zimene wa geni ayenera kuzidziwa.

Mbali yoyamba: msonkho

Boma likafuna kuti katundu wina achuluke, limamuchotsera msonkho. Mu bajeti ya 2019/20 lidachotsa VAT, yomwe nthawi imeneyo idali 16.5 pa 100, pa mapanelo a sola, mabatire a sola, mainveta ndi mababu osadya magetsi ambiri. Cholinga chidali chakuti wobweretsa katundu alipire zochepa polowa m'dziko, wogula naye apepukidwe.

Ndiye bwanji mitengo idakwerabe? Chifukwa zipangizozi zimagulidwa kunja. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, kenako ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Phindu limene kuchotsa msonkho kudabweretsa, kugwa kwa kwacha kudalidya. Phunziro kwa wogulitsa sola n'lakuti mtengo wa katundu wake umatsata dola kuposa china chilichonse. Asamaike mtengo poyang'ana zimene adapikulira mwezi watha zokha, koma poyang'ananso zimene akapikulire ulendo wotsatira, kuopa kugulitsa katundu yense n'kulephera kudzazanso shelefu. Malamulo a msonkho amasinthanso ndi bajeti ya chaka chilichonse, choncho wopikula kunja, kaya kudzera pa Mchinji kapena pa Songwe, ayambe wafunsa ku ofesi ya MRA kuti ndi ziti zilibe msonkho chaka chimenecho asanatumize ndalama.

Mbali yachiwiri: kulola ena kupanga magetsi

Kale ESCOM inkachita zonse: kupanga, kutumiza ndi kugulitsa magetsi. Lamulo litasinthidwa mu 2016, ntchito yopanga magetsi idapita ku kampani yatsopano ya EGENCO kuyambira 2017, ndipo makampani omwe si a boma adaloledwa kupanga magetsi n'kumagulitsa ku ESCOM. Kampani imapatsidwa mgwirizano wa zaka zambiri woti magetsi ake adzagulidwa pa mtengo wodziwika. Ndi pepala limeneli m'manja, imatha kukongola ndalama zomangira, monga momwe mlimi wa fodya wa kontirakiti amapezera zipangizo chifukwa wogula akudziwika kale.

Zipatso zake zikuoneka. Ku Salima kampani ya JCM idatsegula malo opanga magetsi a dzuwa a mamegawati 60 mu 2021. Ku Golomoti, m'boma la Dedza, adatsegula ena a mamegawati 20 mu 2022, okhala ndi mabatire akuluakulu osungira mphamvu. Ku Nkhotakota, boma loyandikana ndi Kasungu, kuli ena a mamegawati 21. Magetsi onsewa amalowa m'mawaya omwewo amene amafika ku chigayo ndi kwa wowotcherera pa Kasungu.

Koma dzuwa limagwira ntchito masana okha. Nthawi imene anthu amafuna magetsi kwambiri ndi madzulo, pamene mabanja akuphika ndi kuyatsa mababu. N'chifukwa chake boma layamba kulimbikira za mabatire akuluakulu, monga a ku Kanengo ku Lilongwe. Kwa mwini chigayo, wowotcherera kapena kalipentala wa makina, nzeru yake ndi yosavuta: ntchito zodya magetsi ambiri azizigwira kum'mawa ndi masana, osadikira madzulo pamene aliyense akulimbirana mphamvu yomweyo.

Mbali yachitatu: kulipira pang'onopang'ono

Anthu ambiri salephera kugula sola chifukwa chosaifuna, koma chifukwa chosowa ndalama yolipira kamodzi. Mu 2019 Banki Yaikulu pa Dziko Lonse idavomereza ndalama zokwana madola 150 miliyoni zothandizira kufalitsa magetsi m'Malawi. Gawo lina la ndalamazi lidapita ku thumba lotchedwa Ngwee Ngwee Ngwee, lomwe limathandiza makampani ogulitsa sola ndi ngongole komanso thandizo lina kuti afikire mabanja a kumidzi. Makampani monga Yellow, Zuwa Energy ndi Vitalite amadziwika ndi malonda a mtundu umenewu: wogula amapereka ya chiyambi, zotsalazo n'kumalipira pa foni kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Akalephera kulipira, chipangizo chimadzitseka mpaka atalipira.

Njirayi ndi yabwino kwa amene ndalama zake zimabwera tsiku ndi tsiku, ngati wometa kapena wa golosale. Kwa mlimi wa fodya pafunika kusamala, chifukwa ndalama yake imabwera kamodzi pa chaka, pomwe ngongole imafuna mwezi ndi mwezi, ngakhale mu Januwale ndi Febuluwale pamene m'thumba mwauma. Asanasaine, wogula aphatikize ya chiyambi ndi zolipira zonse mpaka kumapeto, ayerekeze ndi mtengo wa kashi. Afunsenso kuti chipangizo chikawonongeka akonza ndani, komanso kuti munthu akadumphitsa miyezi ingapo chimachitika n'chiyani. Safunsa adadya phula.

Mbali yachinayi: magetsi a pamudzi ndi kuyang'anira katundu

Pulogalamu ya MAREP, yomwe imayendera ndalama yapadera yodulidwa pa mtengo wa mafuta a galimoto, ndiyo yakhala ikukokera mawaya ku misika ya kumidzi. Kumene mawaya achedwa, boma lidalola kuti bungwe kapena kampani imange malo aang'ono opanga magetsi a mudzi umodzi kapena ingapo, bungwe la MERA n'kumayang'anira ziphaso ndi mitengo yake. Zitsanzo zilipo: ku Sitolo m'boma la Mchinji ndi ku Mthembanji m'boma la Dedza amagwiritsa ntchito dzuwa, pomwe ku Bondo ku Mulanje amagwiritsa ntchito madzi a mtsinje wa Lichenya. Malo otere amayenda bwino pakakhala amalonda ogula magetsi masana. Choncho komiti ya msika imene ikufuna kukopa ntchito yotere iyambe yalemba mndandanda wa zigayo, mafiliji, malo ometera ndi owotcherera amene alipo, chifukwa amenewo ndiwo makasitomala amene omanga amayamba kuwerenga.

MERA imaperekanso ziphaso kwa obweretsa, ogulitsa ndi oika zipangizo za sola, pomwe bungwe la MBS limaona za ubwino wa katundu wolowa m'dziko. Komabe katundu wachinyengo amadutsa ndithu. Pali mapanelo olembedwa mawati ambiri koma opereka ochepa, ndi mabatire opepuka ngati mulibe kanthu. Wogula apemphe lisiti ndi waranti yolembedwa, aone ngati kukula kwa panelo kukugwirizana ndi mawati olembedwapo poyerekeza ndi ena a m'shopu ina, ndipo ngati n'kotheka apite ndi wodziwa za magetsi akayeze pa dzuwa asanalipire. Wogulitsa naye adziwe kuti pa msika wa kumudzi mbiri imathamanga. Batire imodzi yabodza imathamangitsa makasitomala a mudzi wonse.

Masamu asanatuluke m'thumba

Chipangizo chilichonse chimalembedwa mawati ake. Mawatiwo akachulukitsidwa ndi maola amene chimagwira ntchito pa tsiku, pamatuluka mphamvu yofunika, yomwe pa zipangizo imalembedwa kuti Wh. Mwachitsanzo, mnyamata wometa amene amatchajanso mafoni angawerenge chonchi: mafoni 30, iliyonse pafupifupi 15 Wh, ndi 450. Makina ometera awiri a mawati 15, maola anayi alionse, ndi 120. Mababu atatu a mawati 5 kwa maola anayi ndi 60. Zonse pamodzi ndi 630 Wh pa tsiku.

Panelo ya mawati 100 pa tsiku la dzuwa labwino imapereka pafupifupi 400 Wh, tikachotsera mphamvu yotayika m'mawaya ndi m'batire. Ndiye kuti mnyamatayu akufunika mawati 200, osati 100. Batire ya mavoti 12 yolembedwa 100 Ah imasunga 1,200 Wh, koma ya mtovu siyenera kutsitsidwa kupyola theka, choncho yogwiritsa ntchito ndi 600 yokha. Yomwe imakhetsedwa mpaka kutheratu tsiku ndi tsiku sichedwa kufa. Mabatire a lithium ndi odula pogula, koma amalola kutsika kwambiri ndipo amakhalitsa.

Zinanso zofunika kukumbukira ndi izi. Pakati pa panelo ndi batire pazikhala kontirola, kuti batire isapse. Kuno ku Malawi panelo iyang'ane kumpoto, itapendekeka pang'ono, ndipo fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala lizipukutidwa, chifukwa limatchinga dzuwa. Filiji imakoka mphamvu yochuluka pamene ikuyamba kulira, ndiye imafuna inveta yaikulupo kuposa mawati olembedwa pa filijiyo. Simbi ya magetsi, ketulo ndi mbaula ya magetsi si za sola yaing'ono. Ndipo masamu onse achitidwe poganizira miyezi ya mitambo ya dzinja, osati chilimwe chokha.

Wokhala ndi jenereta ya petulo ali ndi poyambira pabwino: ndalama ya mafuta ya tsiku limodzi aichulukitse ndi masiku amene amatsegula pa mwezi, ayerekeze ndi zimene angamalipire pa sola. Masamu omwewa amagwiranso kwa mlimi wothirira nazale ya fodya kapena dimba la tomato ndi pampu. Pampu ya sola ili ndi ubwino wakuti miyezi yofunika madzi kwambiri ndi yomweyonso ya dzuwa lambiri, ndipo nthawi zambiri sifuna batire.

Pamene ndondomeko ikadali yoperewera

Kasungu ali ndi mbiri yake pa nkhani ya luso la magetsi. William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugamu, zitsulo za njinga ndi zina zotola kudzala, atawerenga mabuku a m'laibulale ya pafupi ndi kwawo. Anthu ankabwera kudzatchajitsa mafoni pakhomo pawo. Mbiri yake idalembedwa m'buku mu 2009, n'kupangidwanso filimu mu 2019.

Ndondomeko za lero zathandiza kwambiri kubweretsa zipangizo zopangidwa kunja, koma zopangira kapena kukonzera kuno zikadali zochepa. Inveta ikapsa pa Chamama, nthawi zambiri imangotayidwa, kapena kunyamulidwa ulendo wa ku Lilongwe. Apa ndi pamene pali mpata wa geni. Maphunziro a zoika ndi kukonza sola amapezeka m'makoleji a ntchito zamanja oyang'aniridwa ndi TEVETA, ndipo yunivesite ya Mzuzu imaphunzitsa za mphamvu zoterezi. Mapanelo onse amene agulidwa nyengo ya fodya ino adzafuna wowaika bwino, mawaya, mafyuzi, makontirola ndi batire yatsopano pakapita zaka zingapo. Wogulitsa amene ali ndi mnyamata kapena mtsikana wophunzira ntchitoyi sadikiranso Chinkhoma kuti apeze kasitomala, chifukwa zowonongeka sizisankha mwezi.

Boma lachotsa msonkho wina, latsegula msika ndipo laika malamulo. Kuwerenga mawati, kufunsa waranti ndi kuphatikiza ngongole yonse asanasaine, zimenezo zatsalira mwini ndalama.