MPANDA WA KU MAJETE NDI IFE OKHALA KUNJA KWAKE

Munthu akachoka kuno kwa Kanduku kulowera chakumwera, napitirira midzi yotsiriza ya boma la Mwanza, amakumana ndi mpanda wa waya wamagetsi. Mpanda umenewu ndi wautali makilomita oposa 140 ndipo unazinga nkhalango yonse ya Majete, imene mbali yake yaikulu ili m'boma la Chikwawa. Ana athu anaupeza ulipo, kotero amayesa kuti unamera pamodzi ndi mitengo. Akulu tikudziwa kuti unabwera ndi pangano, ndipo n'koyenera kuti mabanja athu adziwe chimene panganolo linanena.

Majete inakhazikitsidwa kukhala malo osungirako nyama m'chaka cha 1955. Kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 700, ndipo kummawa kwake kumadutsa mtsinje wa Shire, pamene pali mathithi a Kapichira aja amene anatsekereza sitima ya Dr David Livingstone mu 1859. Dzina lakuti malo osungirako nyama linalipo ndithu, koma nyamazo zinanka nizitha. Zipembere ndi mikango zinazimirira. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique mfuti zinachuluka m'malire muno, ndipo pofika 1992 njovu zonse za ku Majete zinali zitaphedwa. Tisanamizire alendo okha. Misampha ya waya inkatcheredwa ndi ana a m'midzi yathu yomwe ino, ndipo nyama yake inkaphikidwa m'miphika ya Akhristu. Alonda a Boma anali ochepa, opanda zida zokwanira, ndipo nkhalango yotere siilondedwa ndi anthu owerengeka pa zala.

Tsono m'chaka cha 2003 Boma, kudzera mu nthambi yake yoona za nyama zakutchire, linapangana ndi bungwe la African Parks, limene likulu lake lili ku Johannesburg, kuti liyendetse Majete kwa zaka 25. Iyi inali nkhalango yoyamba imene bungwelo linalandira mu Africa monse. Ambiri pa nthawiyo ankanong'ona kuti Boma lagulitsa dziko kwa azungu. Sizinali choncho ayi. Nthaka, nyama ndi malamulo zinakhalabe m'manja mwa Boma la Malawi. Bungwelo linasenza ntchito ya tsiku ndi tsiku: kufuna ndalama kwa othandiza akunja, kuphunzitsa alonda, kulima misewu, kumanga mpanda ndi kubwezeretsa nyama. Ndalama zimene alendo amapereka pachipata zimagwira ntchito m'nkhalango momwemo. Tinganene kuti mwini munda anaitana kapitawo, osati wogula.

Zimene zinatsatira n'zodabwitsa. Chipembere chinabwerera chaka chomwecho cha 2003. Njovu zinayamba kufika mu 2006 kuchokera ku Liwonde, ndipo mu 2009 kunabweranso zina za ku Phirilongwe m'boma la Mangochi, kumene zinkasautsa anthu m'minda. Akambuku anafika mu 2011, mikango mu 2012. Njovu zinaswana kufikira kuti mu 2017 zina zinanyamulidwa pa magalimoto kupita nazo ku Nkhotakota. Taganizani, nkhalango imene inalibe njovu ngakhale imodzi inasanduka yogawira anzake! Poona zimenezi, Boma linapereka Liwonde ndi Nkhotakota kwa bungwe lomwelo mu 2015.

Monga mphunzitsi, chimene chimandikondweretsa n'chakuti mwana wa Sitandade 5 akhoza tsopano kuona njovu ndi maso ake, osati chithunzi cha pa bolodi chimene ife timajambula ndi choko, chofanana ndi nkhumba ya mchira kutsogolo.

Koma pangano lija linasainidwa ndi awiri, pamene olisenza ndi atatu. Wachitatu ndife a m'midzi yozungulira. Ifeyo ndi amene tinataya njira zachidule, nkhuni, nsungwi ndi ndiwo. Mayi wamasiye amene ankatola nkhuni kumeneko sanafunsidwe ndi munthu. N'zoona kuti bungwelo silinatiiwale: limalemba ntchito anthu a m'madera oyandikana, limalipirira sukulu ana ena osauka, limaphunzitsa ulimi wa njuchi, ndipo pa nyengo yake limalola anthu kulowa kukamweta udzu wofolera. Mpandawo umatchinjirizanso chimanga chathu, pakuti njovu imodzi imamaliza usiku umodzi chimene banja lalima dzinja lonse. Komabe ana olipiriridwa sukulu ndi ochepa poyerekeza ndi amene amadzaza makalasi athu, ndipo munthu wanjala sakhuta pomva kuti mikango ikuswana. Waya umadulika ndi chitsulo cha m'manja. Chimene chausunga zaka zonsezi si magetsi okha, koma kuti ochuluka a ife taona kuti kuusiya uli chilili n'kopindulitsa kuposa kuudula. Tsiku limene kuwerengera kumeneku kudzasintha, alonda sadzakwana. N'chifukwa chake ndikupempha akulu a mpingo ndi amayi a Mvano kuti asamasiyire mafumu okha misonkhano ya makomiti a m'midzi oona za nkhalango. Pitani, funsani kuti ana olipiriridwa amasankhidwa bwanji ndiponso kuti mpanda ukawonongeka ukonzedwa liti.

Palinso china chimene chimandilemera mumtima. Nkhalango ya Thambani ili m'boma lathu lomweli, koma ilibe mikango yokopa alendo a ku Ulaya, ndipo palibe amene adzaizinge ndi waya wamagetsi. Onani matumba a makala amene andanda m'mbali mwa msewu wochoka ku Mwanza kupita ku Blantyre. Mitengo yake siichokera ku Majete. Imachokera m'mapiri athu osatchingidwawa, mmene mumayambira timitsinje tothirira minda yathu ya nachesi.