Namasupuni ndi phunziro la kusankha mwanzeru

Sitima zikuluzikulu za pa nyanja zamchere zikatsitsa katundu zimathira madzi m'matanki a kunsi kwake kuti zisagubuduzike. Zikafika padoko lina, monga Beira kapena Nacala komwe kumadzera katundu wa dziko lino, zimakhuthula madziwo pamodzi ndi tizilombo ndi mbewu zomwe zidatungidwa kutali. Umu ndi momwe nkhono zina za ku Ulaya zidafikira m'nyanja zikuluzikulu za ku North America cha m'ma 1988, n'kuyamba kutseka mapaipi a madzi. Pangano la maiko lolamula kuti madziwa aziyeretsedwa asanatayidwe lidayamba kugwira ntchito mu 2017.

Chiradzulu alibe doko, koma vuto la zamoyo zobwera si lachilendo m'Malawi. Namasupuni, yemwe kwawo ndi ku South America, adafala mumtsinje wa Shire. Amaphimba madzi, kutchinga mabwato ndi kukola makina opangira magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira.

Nkhaniyi mphunzitsi angathe kuphunzitsira luso losankha zochita. Agawe ophunzira m'magulu: ena akhale asodzi, ena alimi othirira, ena ogwira ntchito ku EGENCO, ena mafumu. Kenaka awaikire njira zitatu. Kuzula ndi manja kapena makina kumayeretsa madzi msanga, koma kumadya ndalama ndipo udzuwo umaphukanso. Mankhwala ndi achangu, koma angawononge madzi akumwa ndi nsomba. Tizilombo tonga anankafumbwe todya namasupuni n'totsika mtengo, koma timatenga zaka kuti ntchito yake ioneke. Gulu lililonse lifotokoze amene apindule, amene aluze, ndiponso ngati chisankhocho chingabwezedwe chikalakwika. Pomaliza kalasi yonse igwirizane pa njira imodzi ndi kupereka zifukwa.

Funso la kubweza ndilo lofunika kwambiri kuno. Mlimi wa nsomba akalandira mbewu yachilendo kapena duwa la m'madzi kwa mnzake n'kuika m'damu, mvula ikasefukira zimalowa mumtsinje ngati Namadzi, womwe madzi ake amakathera ku nyanja ya Chilwa. Madzi akatayika saoleka. Mwana wozolowera kuyeza phindu la lero ndi chiwonongeko cha mawa adzayamba wafunsa mlangizi wa za nsomba asanaike chilichonse chachilendo m'madzi.