Laisensi Yathu Ifika Pati?

Ife a mu Kafue timaona mamotoka akuoloka mlatho tsiku ndi tsiku, ena kulowela ku Chirundu, ena ku Livingstone. Nanga ife tikafuna motoka ya haya kunja, laisensi yathu ya RTSA ifika pati?

Ku Zimbabwe, Malawi ndi Botswana igwila nchito, pakuti maiko a SADC amavomelezana malaisensi. Nkhani ili kwa akhristu opita ku Namugongo pa 3 June. Uganda siili mu SADC, ndipo eni motoka angafunse International Driving Permit. Cikalataci cimangomasulila laisensi, pacokha cilibe mphamvu, conco tinyamule zonse ziwili. Abale, tifunse kampaniyo tisanalipile, ndalama za cimanga zingathele pa motoka imene sitidzayendetsa.