Dzina lichoka, banga loyera litsala

Kudinda dzina la bwenzi pamkono ndi ntchito ya ola limodzi. Chibwenzi chikatha, dzinalo silitha nacho, ndipo mwini mkono amayamba kuvala malaya a manja aatali ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Pofunafuna pothawira, ena amamva zoti madokotala amatha kuumitsa khungu ndi chisanu mpaka lisupuke, tatuu n'kupita nalo.

Chida chake chimaoneka ngati fulasiki ya tiyi yokhala ndi kampopi kumutu. M'kati mwake mumakhala nayitrojeni wamadzi, wozizira madigiri 196 pansi pa ziro. Akapopera pamatuluka kautsi koyera, ndipo m'masekondi ochepa malowo amauma gwaa, atayera mbee ngati pawazidwa ufa. Ululu umakula chisanu chikamasungunuka: pamawotcha ngati wagunda mbaula. Pofika mawa lake patuluka thuza, nthawi zina lamagazi, kenako nkhanambo imene imagwa pakatha milungu ingapo.

Lusoli ndi lakale. M'zaka za m'ma 1840 dokotala wa ku Britain, James Arnott, ankasakaniza mchere ndi ayezi wophwanya n'kuika pa zotupa za khansa kuti ululu uchepe. Mu 1961 Irving Cooper wa ku New York anapanga chida chogwiritsa ntchito nayitrojeni wamadzi. Lero ndi njira yodalirika yochotsera njerewere, ndipo kuno ku Malawi yathandiza amayi opezeka ndi zizindikiro zoyambirira za khansa ya khomo la chiberekero.

Koma tatuu si njerewere. Singano imasiya inki milimita imodzi kapena awiri pansi, m'khungu la m'kati lomwe silifundula. Kumeneko maselo a chitetezo cha m'thupi amameza tizidutswa ta inkiyo, amalephera kutigaya, n'kungokhala nato. Akafa, anzawo amatitolanso. Chisanu sichisungunula inki. Chimangopha mnofu umene waisunga, choncho kuti chithunzi chichoke pamafunika bala lofika pomwe inki ili.

Apa m'pamene ife akhungu lakuda tiyenera kutchera khutu. Maselo opanga mtundu wa khungu ndi amene amafa msanga, pa madigiri 4 mpaka 7 pansi pa ziro, pamene ena apakhungu amapirira mpaka madigiri 20 kapena kuposa. Chisanu chisanafike n'komwe pa inki, kuda kwathu kwapita kale. Pa mzungu banga lotere limabisika. Pa ife limaonekera patali, mwina kwa moyo wonse, inki yotsala ili mawangamawanga m'kati mwake. Ndipo kwa amene thupi lake limatulutsa zipsera zotupa, zija zimamera pakhutu munthu akaboola ndolo, bala lakuya chotere ndi kuputa mavu. Zimandipweteka mtima kuti munthu wofuna kubisa zilembo zisanu atuluke ndi chizindikiro choposa chimene analowa nacho.

N'chifukwa chake madokotala a khungu anasiya chisanu n'kutembenukira ku leza, makina otulutsa kuwala kwamphamvu. Mu 1983 Rox Anderson ndi John Parrish a ku Harvard anasonyeza kuti kuwala kothwanima mwachangu kwambiri kungawotche chinthu cha mtundu umodzi osapsereza zoyandikana nacho. Leza imaswa inki kukhala fumbi lomwe thupi limakokolola lokha. Kwa khungu lakuda, yabwinoko ndi ya Nd:YAG 1064, chifukwa imalowa pansi osalimbana kwambiri ndi kuda kwa pamwamba. Siithamanga: maulendo 6 mpaka 10, mwina kupitirira, motalikirana milungu 6 kapena 8. Inki yakuda imagonja msanga, yobiriwira ndi yachikasu ndi nkhutukumve.

Mtengo wake ndi kudikira kumeneku ndi zimene zimakankhira achinyamata ku zidule: mankhwala opopera njerewere a m'famase, asidi, kukhula ndi mchere. Zonsezi zimasiya bala, inki ili chikhalire. Dokotala wodziwa ntchito amayamba wayesa leza pa kamalo kakang'ono ngati chikhadabo, n'kudikira milungu ingapo kuti aone mmene khungu lanu lapolera asanakhudze chithunzi chonse.