Makina oyeza mtima nawonso amasefa

Wowerenga wina wandifunsa: bwanji dokotala amaitanitsabe ECG ya papepala pomwe wodwala ali kale pa makina oonetsa kugunda kwa mtima? Inenso zinkandizunguza mutu.

Makina onse awiri amayeza magetsi a mumtima, omwe ndi ofooka zedi. Wodwala akapuma mwamphamvu, akanjenjemera, kapena mawaya a magetsi akayandikira, mzere umene makina amajambula umavinavina. Ndiye makina a pambali pa bedi amasefa kwambiri kuti namwino aone msanga ngati mtima ukugunda mwadongosolo.

Koma sefa yothina imatsekereza ndi ufa womwe. Kachigawo kotsatira nsonga yaitali ya pa mzerewo, komwe dokotala amaonerapo ngati mtsempha wa mumtima watsekeka, kangathe kukwera kapena kutsika monamiza. ECG ya papepala imasefa pang'ono chabe, n'chifukwa chake amakuuzani kuti mugone phee, osalankhula.